Mng'alu wa Kuseri kwa Kabati

Mng'aluwo unayambira pakona ya zenera la chipinda chakumbuyo n'kukwera mopingasa mpaka pansi pa denga. A Levulo anaupeza m'mawa, kutacha pambuyo pa chivomezi chachikulu. Analowetsamo chala, chinalowa. Analowetsamo dzanja, nalonso linalowa. Atasuzumira, anaona mwendo wa bedi la m'chipindamo iwo ali panja.

Anayang'ana uku ndi uku ngati munthu amene watola chinthu cha eni. Kunalibe munthu.

A Levulo anali mmisiri womanga nyumba. Dzinali anthu anawapatsa chifukwa cha levulo, kachipangizo koonera ngati khoma lawongoka, kamene sankasiyana nako ngakhale popita kumsika. Nyumba zambiri za m'deralo zinadutsa m'manja mwawo, ndipo iwo sankatopa kukumbutsa anthu zimenezi. Dzulo lake, fumbi lisanakhazikike n'komwe, anthu atathawira pabwalo la sukulu, iwo anayankhula mawu amene tsopano ankawatentha m'makutu.

"Zimene zagwazi n'zomanga ana," anatero mokweza. "Yanga pitani mukaione. Ngakhale kapu sinagwe patebulo."

Atelala, amene ankakhala nyumba yoyandikana nayo, khoma la khitchini yawo linali litagwa lonse. A Levulo sanawasiye.

"Achimwene, mukanandiitana ine, bwenzi pano mukupalasa makina anu muli phee. Koma inu munafuna zotchipa."

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa mantha. Atelala anangoweramitsa mutu.

Ndiye lero mng'alu uwu. M'nyumba ya mmisiri weniweniyo!

Sanaganize nthawi yaitali. Anatenga thumba la simenti lotsala, anasefa mchenga, n'kuyamba kukanda. Mapepala a matumba akale anawang'ambang'amba n'kuwakanikiza mumng'alumo kuti matope apeze pogwira. Ali mkati momata, akazi awo anatulukira pakona atanyamula ndowa.

"Bambo, m'mawa uno ntchito yanjinso?"

"Ndikungokonza pang'ono."

Mayiwo anatula ndowa ija n'kuyandikira. "Mayo ine! Kumeneku ndiye kukonza pang'ono? Pamenepa mwana wa mbuzi akhoza kulowa."

"Tsitsani mawu, mayi. Mukufuna mudzi wonse umve?"

"Nanga ukamva?"

"Ukamva ndani adzandiitanenso? Adzati mmisiri wake uti, yake yomwe inang'ambika ngati thumba. Atelala aja adzandisoka pakamwa."

"Munadzisoka nokha dzulo. Ine ndinkakukodolani kuti khalani chete, inu osandiona."

"Chivomezi chadutsa, mayi. Chachikulu chapita. Khomali ngati silinagwe dzulo, ligwa ndi chiyani?"

Mayiwo anapukusa mutu. "Manyazi anapha lambe, bambo." Anasenza ndowa yawo n'kumapita.

Dzuwa lisanakwere, khoma linali losalala. A Levulo analipaka laimu kuchokera pakona mpaka pakona kuti pomatapo pasaoneke. M'kati anakankha kabati ya zovala n'kuiimika pamng'alu penipeni. Ataima chapatali n'kuyang'ana, anaona kuti ntchito yawo inali yokongola. Koma mtima sunakondwe nayo ngakhale pang'ono.

Masana kunagwa mvula. Banja lonse linali pansi pa lona amene anamangirira pamitengo kutsogolo kwa nyumba, monga ankachitira aliyense m'deralo. Mwana wawo wamkazi anali pomwepo ndi khanda lake. Anabwera kudzakhala ndi makolo chifukwa mwamuna wake ankagwira ntchito kutali. Mphepo inkalowa mbali zonse, madzi ankadontha pamphasa, ndipo khanda linayamba kuyetsemula.

"Bambo," anatero mwanayo akufunditsa khanda lake, "inu ndi amene mumadziwa za makoma. Nyumba yathuyi ili bwino? Ngati ili bwino, ine ndilowe. Mwanayu kuzizira kuno kumupweteka."

A Levulo anamva maso a akazi awo ali pa iwo. Apa mpamene panali poyankhulira. Anati anene zoona, koma nthawi yomweyo akazi a atelala ankadutsa atafunda thumba kumutu, ndipo anaima kuti amve yankho.

"Ili bwino," anatero a Levulo. "Lowa, mwana wanga."

Mwanayo analowa m'chipinda chake cha masiku onse. Chinali chipinda chakumbuyo chija.

Nkhani yabwino simachedwa. Pofika mawa lake, aliyense anali atamva kuti nyumba ya a Levulo ilibe ngakhale kamng'alu. Akazi a atelala anabwera atagwira ana awo awiri kumanja.

"Pepani alamu, tikupempheni. Mvula ikamagwa, anawa azibisala kwanu kuno. Kwathu mwaona nokha. Abambo awo akuchita manyazi kubwera, akuti munawauza zoona."

A Levulo anakanda kumutu. "Aa, palibe vuto, mlamu."

Akanatinji? Kenaka kunabwera ana a mayi wina wogulitsa tomato, kenaka agogo ena oyendera ndodo. Nyumba inadzaza phokoso la ana. Aliyense wodutsa ankaima n'kunena kuti, "Koma a Levulo ndiye mmisiri!" Mawu amene kale ankawakomera ngati uchi tsopano ankawagwera pamutu ngati njerwa.

Ndipo pansi sipanakhale chete. Pena ndi pena pankanjenjemera pang'ono, mbale zinkalira m'dengu, malata ankachita phokoso, agalu n'kuuwa. Kukangotero, a Levulo ankazembera kuseri kukayang'ana khoma lija. Ankapeza kamzere kakang'ono ngati tsitsi kakuoneka palaimu. Ankakafafaniza ndi chala chonyowa, koma pobwereranso ankakapeza katabwerera.

Anayamba kufunafuna zifukwa zotulutsira mwana wawo m'chipindamo.

"Mwana wanga, tulutsa khandalo liwothe dzuwa."

"Dzuwa lake liti, bambo? Kunja kuli mitambo yokhayokha."

"Ndiye bwera ukhale pabalaza pano, ucheze ndi anzako."

"Pali phokoso, mwana sagona. Kodi bambo mwatani masiku ano? Mukungozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira."

Akazi awo sankanena kanthu pagulu, koma ankaonetsetsa kuti ana a eni akusewera pakhonde kapena pabalaza, pafupi ndi khomo. Atawapeza okha kuseri, anawanong'oneza.

"Bambo, chakudya mukungochiyang'ana. Muuzeni mwanayu. Mukapanda kumuuza inu, ndimuuza ine."

"Ndipatseni mpata, mayi. Ndipeza njira."

"Njira yake ndi pakamwa panu pomwepo."

Tsiku limenelo kunafika galimoto yochokera ku ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Munatsika mayi wina wamfupi, wovala nsapato zikuluzikulu ndi chisoti cholimba chachikasu. Ana anayamba kumutchula kuti Mayi Achisoti, ndipo dzinalo linamukakamira. Anali katswiri wa za miyala ndi nthaka, ndipo anabwera kudzaona nyumba zowonongeka. Anaitanitsa anthu onse pabwalo la sukulu. Nyumba ya a Levulo inali tsidya la msewu, moyang'anizana ndi bwalolo.

"Ndisanayambe kuyendera nyumba zanu," anatero mayiyo, "ndikufuna timvane kaye kuti chikutigwedezachi n'chiyani. Ndani angandipezere njerwa ziwiri?"

"Za njerwa funsani a Levulo!" anakuwa wina. "Ndi amene amagona nazo."

Anthu anaseka n'kuwakankhira kutsogolo. A Levulo anatola njerwa ziwiri pamulu wa khoma la mpanda limene linagwa, n'kuima pafupi ndi mayiyo, maso ali pansi.

"Pansi tikupondapa," anayamba Mayi Achisoti, "timaona ngati ndi mwala umodzi wosasuntha. Si choncho ayi. Chigoba cha dziko lapansi n'chogawikagawika, ngati mapale a mbiya yosweka amene mwawalumikizanso. Koma mapale ake ndi aakulu zedi. Phale limodzi limasenza mayiko angapo, mapiri ndi nyanja zomwe. Pansi pa mapalewo, kutali kwambiri, pali miyala yotentha imene imasuntha pang'onopang'ono. Ndiye mapale aja nawonso amayenda."

"Amayenda?" anafunsa atelala. "Ndiye kuti tsiku lina tidzadzuka tili dziko la eni, opanda ndi chiphaso chomwe?"

Mayiyo anaseka. "Musade nkhawa, bambo. Amayenda ngati mmene chikhadabo chanu chimakulira. Simungaone ndi maso. Kwina mapalewa amagundana, kwina amatayana, kwina amakhulana m'mbali. Ndipo chifukwa cha kukokana kumeneku, miyala ya pansi ili ndi ming'alu yake italiitali. Tsopano bambo a njerwa, gundanitsani njerwa zanuzo mwamphamvu. Eya. Musazilekanitse, koma yesani kukankhira ina kutsogolo, ina kumbuyo."

A Levulo anakankha. Njerwa zinakolana, osasuntha.

"Zikukana," anatero.

"Onjezerani mphamvu."

Anaonjezera mpaka mitsempha ya m'manja inaoneka. Mwadzidzidzi njerwa zija zinaterereka, khwee! Timchenga tinayoyokera pansi.

"Chimenecho ndiye chivomezi," anatero mayiyo. "Miyala imakolana kwa zaka zambirimbiri, mphamvu ikuunjikana. Tsiku limene yalephera kupirira, imaterereka kamodzi n'kamodzi, ndipo ife pamwamba pano timamva kugwedezeka. Palibe amene analodza dera lino, ndipo palibe amene analakwa."

Mayi wogulitsa tomato anakweza dzanja. "Nanga poti zinaterereka kale, bwanji sizikutisiya? Ine tomato wanga akungogubuduka pabenchi tsiku ndi tsiku."

"Funso labwino. Bambo a njerwa, ndikufunseni inu. Lole ikakhuthula miyala pamalo omanga, mulu uja umakhala chete nthawi yomweyo?"

"Ayi," anayankha a Levulo motsitsa mawu. "Umapitiriza kugumuka. Wina apa gubudu, wina apo gubudu, mpaka mwala uliwonse utapeza pokhala. N'chifukwa chake ana timawaletsa kukwerapo."

"Mwamva? Pansi pano zilinso chimodzimodzi. Chivomezi chachikulu chikachitika, miyala yozungulira pamalopo imakhala isanapeze pokhala. Imapitiriza kusuntha, ndipo timamva zivomezi zotsatira. Zimatha kupitirira kwa milungu, ngakhale miyezi. Zimanka zichepa, koma sizitha lero n'lero."

"Ndiye chotsatira chibwera liti?" anafunsa wina kumbuyo.

"Sindikudziwa, ndipo palibe munthu padziko pano amene angakuuzeni tsiku kapena ola. Wina akadzakuuzani kuti chibwera mawa masana, ameneyo akukunamizani. Chimene tikudziwa n'chakuti zambiri zimakhala zazing'ono, koma china chimatha kubwera champhamvu, ndipo mwa apo ndi apo chimaposa choyamba chija. Tsono mvetsetsani apa. Khoma limene linasweka kale lili ngati munthu amene wangodzuka kumene pamphasa ya matenda. Safuna kumenyedwa kuti agwe, kumukhudza pang'ono basi. Anthu ambiri amavulala ndi zivomezi zotsatirazi chifukwa anabwerera msanga m'nyumba zosweka."



"Si mng'alu uliwonse umene uli woopsa," anapitiriza mayiyo. "Timizere tating'ono ta papulasitala pokha sitidetsa nkhawa kwenikweni. Koma mukaona mng'alu wopingasa wochokera pakona ya zenera kapena ya chitseko, mng'alu woboola khoma mpaka kuoneka mbali zonse ziwiri, khoma lopendekeka, kapena makoma amene atayana pakona, m'nyumba imeneyo musagonemo, musabisalemo mvula, musalowemo kukatenga katundu."

Zinali ngati mayiyo anali ndi a Levulo kuseri kuja m'mawa umene uja. A Levulo anayang'ana njerwa zimene zinali m'manja mwawo, osadziwa poziika.

"Ife ndiye tili ndi mwayi," anatero akazi a atelala mokondwa. "Ana athu onse ali kwa a Levulo uko. Nyumba imeneyo musavutike n'kukaiona, mayi, ilibe ndi kamzere komwe."

"Zoona!" anavomera anthu. Ena mpaka anawomba m'manja.

Kuwomba m'manjako kusanathe, pansi panalira ngati galimoto yolemera ikudutsa chapatali. Malata a sukulu anachita phokoso, mbalame zinauluka m'mitengo, ndipo nthaka inagwedezeka.

"Khalani pansi pomwe mulipo!" anakuwa Mayi Achisoti. "Tili pabwalo, palibe chotigwera! Musathamange!"

Anthu anakhala pansi. Koma a Levulo anataya njerwa zija n'kuliyatsa liwiro kuwoloka msewu, akudzandira ngati woledzera. Sanaganize za dzina lawo, sanaganize za atelala. Pakamwa panangotseguka pokha.

"Tulukani! Tulukani nonse! Khoma lakumbuyo ndi losweka! Ndinangomata! Mwana wanga, choka m'chipindamo, ndinangomata!"

Pamene ankafika pakhomo, kugwedezeka kunali kutaleka. Chinali chivomezi chaching'ono. Akazi awo anali akutulutsa ana mmodzimmodzi, agogo aja ali pambuyo ndi ndodo yawo. Pomalizira anatuluka mwana wawo, khanda lili pachifuwa, kumutu kuli fumbi loyera.

Atatembenuka, a Levulo anapeza kuti bwalo lonse lawatsatira. Aliyense anali atamva.

Mayi Achisoti anazungulira kuseri kwa nyumba, akuyenda motalikira khoma, anthu ali pambuyo pake. Pulasitala yatsopano ija inali itagwa zibenthuzibenthu. Mng'alu unali poyera, wokulirapo kuposa kale, ndipo mapepala a matumba a simenti ankalendewera ngati malilime.

Atelala anayang'ana kwa kanthawi. "Achimwene," anatero pang'onopang'ono, "ine ndasokapo zigamba zambiri, koma chigamba chotere sindinachionepo."

Palibe anaseka. Akazi a atelala anakokera ana awo kumiyendo kwawo.

"Alamu, ana angawa ndinawapereka m'manja mwanu. Munandiyang'ana m'maso n'kunena kuti palibe vuto."

A Levulo anaweramitsa mutu. Akanakonda pansi pomwe pankagwedezekapo pakanang'ambika n'kuwameza. Koma choposa zonse chinali mawu a mwana wawo, amene sanakweze n'komwe.

"Bambo, ndinakufunsanitu."

Anangonena zomwezo basi. Anatembenuka n'kukakhala pansi pa lona, atawafulatira.

Mayi Achisoti anavula chisoti chake n'kuyandikira. Anayankhula modekha, koma mokweza ndithu kuti onse amve.

"Bambo, kusweka kwa khomali si umboni woti simudziwa kumanga. Mphamvu imene imasuntha mapiri singaope njerwa zanu. Ndaona nyumba zomangidwa ndi makampani akuluakulu zitasweka kuposa apa. Pamenepo panalibe chochititsa manyazi. Cholakwa chinali kumata. Pulasitala imabisa mng'alu kwa anthu, koma siubisa kwa chivomezi."

"Ndamva, mayi," anatero a Levulo. Anatembenukira kwa anthu aja, manja atawagwirizira kumbuyo ngati mwana wasukulu. "Abale anga, ndakulakwirani. Ndinaopa kusekedwa. Achimwene atelala, mlamu, ndilibe mawu."

Atelala anapumira m'mwamba. "Ana ali moyo. Zinazo tidzakambirana mitima ikazizira."

"Chinanso," anatero Mayi Achisoti kwa a Levulo, "kuthamanga kumene munachita kuja musadzabwerezenso. Pansi pakamagwedezeka, miyendo imanama. Ngati muli panja, khalani poyera, kutali ndi makoma, mitengo ikuluikulu ndi mawaya a magetsi. Ngati muli m'nyumba, gwadani pansi, lowani kunsi kwa tebulo lolimba, tchingani mutu ndi khosi, gwiritsitsani. Kukaleka, tulukani mwadongosolo ngati anachitira akazi anuwa." Kenaka analoza pamwamba pa khoma. "Kodi pamwamba pa mazenera munazunguliza lamba wa simenti ndi zitsulo?"

"Bimu? Ayi. Ndinangoika pamwamba pa zenera ndi pachitseko pokha. Kuno tonse timamanga choncho. Tinkaona ngati kuzunguliza nyumba yonse n'kuwononga simenti."

"Lamba ameneyo ndi amene amagwirizanitsa makoma kuti azigwedezeka pamodzi, osati lililonse payekha. Pomanganso mudzamuike. Koma zimenezo n'zam'tsogolo. Lero tizungulize chingwe nyumbayi, munthu asayandikire."

Anazunguliza chingwe, ndipo mayiyo analemba chizindikiro chofiira pachitseko. A Levulo anachiyang'ana chizindikirocho. Chinali pamalo oonekera kwa aliyense wodutsa mumsewu.

"Zovala za khanda zili m'kabati muja," anatero akazi awo. "Ndingolowa kamodzi, mwachangu."

"Ayi, mayi," anatero a Levulo. "Zisiyeni. Simulowamo inu, sindilowamo ine."

Mayi wogulitsa tomato anapita kwawo n'kubwera ndi timalaya ndi tinsalu timene mwana wake anasiya kuvala. Anatipereka kwa akazi a Levulo, a Levulowo osawayang'ana.

Madzulo asanafike, a Levulo anayamba ntchito ina. Anakumba mayenje pakati pa bwalo lawo, kutali ndi khoma lililonse, n'kuzika mitengo. Anakhoma malata akale pamwamba, m'mbali n'kutchinga ndi mphasa ndi lona, pansi n'kukwezapo ndi matabwa kuti madzi asalowe. Sinali nyumba yoti mmisiri n'kuinyadira. Inali yopepuka, yoti ngakhale itagwa singaphe munthu, ndipo mphepo sinkalowa. Mwana wawo analowamo ndi khanda lake. Bambo ake akamupatsa moni ankayankha, koma maso ali kwina.

Mawa lake Mayi Achisoti anawapeza akukhoma msomali womaliza.

"Bambo, nyumba zoti ndiyendere n'zambiri, ndipo ine sindidziwa mmene zinamangidwira. Inu mukudziwa. Tiyeni tiyendere limodzi."

"Ine, mayi? Ndani angandimvere pano?"

"Ena sakumverani. Tiyeni basi."

Unali ulendo wowawa. Pakhomo lina mwini nyumba anawafunsa kuti, "Mwabwera ndi laimu wanu?" Pena ana ankanong'onezana n'kumaseka. A Levulo ankangopitiriza ntchito. Ankagogoda khoma ndi chigwiriro cha mpeni womangira, n'kumvetsera ngati likulira mwa mphako. Ankauza eni nyumba kuti asunthe makabati ndi kuchotsa makalendala pakhoma, chifukwa ankadziwa bwino malo amene munthu wamanyazi amabisa mng'alu. Ndipo anapezadi kuti sanali okha. Kwina anapeza mng'alu utaphimbidwa ndi nsalu, kwina atautsamiritsa matumba a chimanga.

Povuta kwambiri panali panyumba zimene anamanga iwo eni. Pakhomo la aphunzitsi ena opuma ntchito anaima nthawi yaitali akuyang'ana pakona pamene makoma anatayana.

"Aphunzitsi, nyumbayi ndinamanga ndine, ndipo ndikukuuzani ndine. Musagonemo."

Mkuluyo anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Mukanandiuza sabata yatha kuti ili bwino, ndikanakukhulupirirani. Lero mukundiuza kuti ndi yoipa, ndikukukhulupirirani koposa." Anaitana adzukulu ake kuti ayambe kumanga chisakasa panja.

Masiku anapita. Kugwedezeka kunayamba kutalikirana, ndipo ena anayamba kung'ung'udza kuti Mayi Achisoti anangowaopseza. Koma a Levulo ankayendabe khomo ndi khomo kukumbutsa anthu kuti mulu wa miyala sunakhazikike.

Chinabwera masana ena, dzuwa likuswa mtengo, anthu atachiiwala. Chinali champhamvu kuposa zonse zotsatira zija. A Levulo anali pabwalo pawo akuwongola misomali yakale. Anakhala pansi pomwepo, akazi awo anagwada pambali pawo, ndipo mwana wawo anakumbatira khanda lake pakhomo pa chisakasa. Tsidya la mpanda ankamva atelala akukuwa kuti, "Pansi, ana inu, pansi! Mitu!"

Kenaka kuseri kwa nyumba kunamveka chiphokoso, gumu! Fumbi linakwera mpaka kupitirira denga.

Kutakhala bata, anazungulira chapatali, kunja kwa chingwe. Khoma lakumbuyo linali litagwera m'kati lonse. Kabati inali itaphwanyika ngati bokosi la machesi. Bedi silinkaoneka n'komwe, kupatula kansalu ka neti yoteteza udzudzu kamene kankatulukira pansi pa njerwa.

A Levulo anaima chilili. Kenaka anakhala pachitsa n'kugwira kumaso. Anthu ankathamanga mumsewu kufunsana. Mawu ankadutsa khomo ndi khomo: kwa aphunzitsi khoma lagwa, kwa mayi wa tomato khonde lagwa, koma wovulala palibe. M'dera lonselo, nyumba iliyonse ya chizindikiro chofiira inali yopanda munthu.

Anamva munthu ataima pambali pawo. Anali mwana wawo. Anayang'ana mulu wa njerwa pamalo pamene ankagona, anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana bambo ake, m'maso mwenimweni, koyamba chichokereni tsiku lija.

"Bambo, tsiku lija munakuwa ngati mwana," anatero. "Msewu wonse unamva."

"Ndinachedwa, mwana wanga. Ndinayenera kunena pamene unandifunsa."

"Munachedwadi. Koma mukanapanda kukuwa, bwenzi lero tili pansi apo." Anamasula khanda kumsana n'kuliika m'manja mwawo, manja okhakhala aja odzaza zipsera za simenti. "Tagwirani mdzukulu wanuyu, ine ndikaone ngati alamu a tsidyali ali bwino. Mugwire mutu, bambo, si njerwa imeneyo."

A Levulo analigwira khandalo mosamala, ndipo silinalire.

Abale, chivomezi chachikulu chikadutsa, musati zatha. Miyala ya pansi imatenga nthawi kuti ikhazikike, ndipo zivomezi zotsatira zimabwera mosalonjeza. Nyumba yanu ikasweka, tulukani, khalani kutali ndi makoma, ndipo musabwereremo mpaka odziwa ataiona. Mng'alu musaumate, musauphimbe, musaubisire banja lanu kapena anansi anu. Kusekedwa kumawawa masiku ochepa, koma khoma likagwera munthu palibe mmisiri amene angamudzutse.